Mafunso ndi mayankho: zomwe ofufuza apeza pa momwe munthu amasankhira pakati pa chabwino ndi choipa

Mafunso awa akhala akutuluka m'makambirano omwe timachita Loweruka masana pa boma la Mangochi, pomwe pamabwera aphunzitsi a sekondale, achinyamata omwe akudikira zotsatira za mayeso, ndi akuluakulu angapo a m'makomiti a m'madoko. Ena anafunsidwa mwaulemu, ena mopsa mtima, ndipo ndawasiya momwe anabwerera. Pomwe ndaikapo maganizo anga ndanena poyera kuti ndi anga.

Kodi nkhani ya chabwino ndi choipa n'kuifufuza kuyunivesite, poti aliyense amaiphunzira kale kwa makolo, kumadrasa ndi kutchalitchi?

Makolo, mashehe ndi abusa amatiphunzitsa zoyenera kuchita, ndipo wofufuza wanzeru sanena kuti ntchito imeneyo yatha. Koma pali mafunso awiri amene amatsalabe. Loyamba ndi la anthu a filosofi: pamene malamulo awiri abwino awombana, ndi liti liyenera kugonja, ndipo pa chifukwa chanji? Lachiwiri ndi la anthu a saikoloji: kaya choyenera chikhale chiti, kodi munthu weniweni, wotopa, wanjala, wokhala pakati pa abale ake, amasankha motani?

Taganizirani alovi khumi, asodzi ogwira ntchito m'boti la mwini, omwe afika pa doko m'mawa kuchokera ku kauni, usodzi wa usiku wogwiritsa ntchito nyali. Usipa wagulitsidwa, mwini khoka la chilimira wachotsa za mafuta ndi gawo lake, koma mmodzi wa aloviwo sanapite nawo chifukwa anagona kuchipatala ndi mwana wodwala. Apatsidwe gawo kapena ayi? Wina anena kuti tione zotsatira zake, chifukwa ndalama yochepa imene aliyense angataye siingafanane ndi mavuto a banja la mnzawoyo. Kumeneko ndiko kuganiza kwa Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill a ku England. Wina anena kuti pangano ndi pangano, ndipo lamulo lomwe tiike lero likhale lomwe tingalole kuti ligwire aliyense, ngakhale ife tomwe, zomwe zikuyandikana ndi zimene Immanuel Kant analemba mu 1785. Wachitatu sawerengera ndalama kapena kutchula pangano, koma afunsa kuti kodi tikamumana tikhala anthu otani. Funso limeneli ndi la Aristotle, komanso la al-Ghazali, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira mu 1111 ndipo analemba zambiri za kuumba khalidwe la munthu. Aloviwo sakusowa kanthu posadziwa maina amenewa. Chomwe filosofi imachita ndi kutenga mfundo iliyonse mwa zitatuzi n'kuikoka mpaka ione pomwe idukire.

Timamva za nkhani ya sitima yoduka mabuleki. Kodi nthano yotere ingatiphunzitse chiyani?

Nkhaniyi anaiyambitsa Philippa Foot wa ku Oxford mu 1967, ndipo Judith Jarvis Thomson wa ku America anaikulitsa mu 1976 ndi mu 1985. Sitima yaduka mabuleki ndipo ikulunjika anthu asanu omwe ali panjanji. Inu mungathe kuikhotetsera ku njanji ina komwe kuli munthu mmodzi. Anthu ochuluka akafunsidwa amati aikhotetsa. Kenako nkhani imasintha pang'ono: muli pa mlatho, ndipo njira yokhayo yoimitsira sitimayo ndi kukankhira panjanji munthu wonenepa amene waima pambali panu. Masamu ake ndi omwewo, mmodzi m'malo mwa asanu, koma pano anthu ochuluka amakana.

Ku Mangochi kulibe njanji, wofuna kuona sitima ya pamtunda ayenera kupita ku Balaka kapena ku Liwonde, ndiye tsiku lomwe tinakambirana zimenezi msodzi wina wa ku Malindi anaisandutsa nkhani ya pamadzi. Anati mwera ukautsa nyanja, woyendetsa boti angathe kukhota kuti akavuule anthu asanu omwe bwato lawo latembenuzika, ngakhale akudziwa kuti mmodzi amene akumira mbali inayo samupeza wamoyo, ndipo palibe amene angamutche wakupha. Koma woyendetsa yemweyo akaponya munthu m'madzi kuti boti lipepuke, sadzapondanso pa doko lililonse kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay. Kusiyana kumeneku, pakati pa imfa imene waiona ikubwera osaifuna ndi imfa imene waigwiritsa ntchito ngati chida, anakufotokoza kale Thomas Aquinas m'zaka za m'ma 1200, ndipo Msilamu aliyense amadziwa kuti ntchito imaweruzidwa molingana ndi niya, kutanthauza cholinga cha woichitayo.

Mu 2001 Joshua Greene ndi anzake ku Princeton anaika anthu m'makina ounika ubongo uku akuwafunsa nkhani zotere, ndipo anapeza kuti nkhani zokankha munthu ndi manja zimadzutsa kwambiri mbali za ubongo zokhudzana ndi mmene munthu akumvera mumtima. Greene anatanthauzira kuti kukana kwathu kukankha munthu kumachokera ku kunyansidwa, osati ku kuganiza mozama. Ambiri amutsutsa, ndipo ine ndili mbali yawo, popeza kudziwa mbali ya ubongo yomwe yagwira ntchito sikutiuza ngati yankho lomwe latuluka lili lolondola. Gogo wina pa zokambirana zathuzo anakanitsitsa kuyankha mpaka titamuuza kuti mmodzi akumirayo ndi ndani, mwana wa yani, wasiya ana angati. Tinaseka, koma anagwira pomwe pali kufooka kwa nthano zoterezi: zimachotsa ubale wonse, pomwe pamoyo weniweni ubale ndiwo umayamba kulankhula.

Kodi munthu amayamba waganiza kenako n'kuweruza, kapena amaweruza kaye n'kufuna zifukwa pambuyo?

Kwa zaka zambiri ofufuza ankatsata Lawrence Kohlberg, amene kuyambira mu 1958 ankaphunzitsa kuti munthu akamakula amakwera makwerero a kaganizidwe, kuchoka pa kuopa chilango kufika pa mfundo za chilungamo. Jonathan Haidt anatembenuza zimenezi mu 2001. Iye anati kawirikawiri chigamulo chimafika msanga ngati mphezi, ndipo zifukwa zimabwera pambuyo ngati loya amene walembedwa ntchito yoteteza mlandu womwe wachitika kale. M'kafukufuku wake wina, amene anachitika ku Brazil ndi ku Philadelphia n'kusindikizidwa mu 1993, anthu anauzidwa za banja lomwe galu wake anagundidwa ndi galimoto n'kufa, ndiye banjalo linaphika galuyo n'kudya popanda wowaona. Ambiri anati n'kulakwa, ngakhale zinali zovuta kuti aloze munthu amene wapwetekedwa.

Zimenezi zinandichitikira ine, ndipo sindinazione pa nthawiyo. Ndinapemphedwa kuti ndizilemba zokambirana za komiti ya pa doko lina kumwera kwa nyanja. Tsiku lina anagwidwa bambo wobwera, akukokolola tiana ta nsomba m'mabango ndi neti ya udzudzu. Ndinaimirira n'kulankhula bwino kwambiri za chambo chomwe chikutha ndi za ana athu omwe adzangochimva m'mbiri, ndipo netiyo inatenthedwa pamchenga anthu akuona. Patapita masabata atatu anagwidwa mwana wa mlongo wanga ndi neti yofanana. Ndinaimiriranso, ndipo zifukwa zinangobwera zokha: mnyamatayu akusamala ana amasiye, neti yake ndi yaing'ono, eni maboti akuluakulu amawononga kuposa iye. Zonsezi zinali zoona. Mayi wina wogulitsa usipa, amene anakhala kumbuyo pafupi ndi thandala, anangofunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, kodi bambo a tsiku lija analibe ana?" Ndinakhala pansi. Bambo aja sindinawafunse n'komwe ngati ali ndi ana, chifukwa mtima wanga unali utawaweruza ndisanatsegule pakamwa.

Kodi n'zoona kuti kafunsidwe ka funso kokha kangasinthe yankho la munthu?

N'zoona, ndipo mwa zonse zomwe zili pa tsamba lino ichi ndi chimodzi mwa zotsimikizika kwambiri. Mu 1981 Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anauza anthu kuti kukubwera mliri umene upha anthu 600, ndipo pali njira ziwiri. Gulu loyamba linauzidwa kuti njira yoyamba ipulumutsa anthu 200 motsimikizika, pomwe yachiwiri ndi yamwayi: mwina onse apulumuka, mwina sapulumuka ngakhale mmodzi. Anthu 72 pa 100 alionse anasankha yotsimikizikayo. Gulu lachiwiri linauzidwa za njira zomwezo, koma mawu anali akuti pa njira yoyamba anthu 400 afa motsimikizika. Pamenepo anthu 78 pa 100 alionse anathawira ku njira yamwayi. Kupulumutsa 200 mwa 600 ndi kutaya 400 mwa 600 ndi chinthu chimodzi, koma khutu la munthu silimva choncho, chifukwa kutaya kumawawa kuposa momwe kupeza kumakomera. Kahneman analandira mphotho ya Nobel mu 2002, Tversky atamwalira kale mu 1996.

Musaganize kuti ophunzira kwambiri sakodwa mumsampha umenewu. Mu 2012 Eric Schwitzgebel ndi Fiery Cushman anapeza kuti ngakhale akatswiri a filosofi amasintha kaweruzidwe kawo malingana ndi nkhani yomwe yayamba kuperekedwa. Chimene chimatikhudza kwambiri ife kuno ndi chomwe Albert Costa ndi anzake anapeza mu 2014: anthu akafunsidwa nkhani yokankha munthu ija m'chiyankhulo chomwe anachita kuphunzira, ochuluka amavomera kukankha kusiyana ndi akafunsidwa m'chiyankhulo cha amayi awo. Kuno munthu mmodzi amatha kulota m'Chiyao, kugulitsa nsomba m'Chichewa ndi kusaina pepala la Chingerezi. Maganizo anga ndi akuti nkhani yaikulu, monga kugulitsa malo a m'mbali mwa nyanja kwa womanga malo ogona alendo, iyenera kukambidwa m'chiyankhulo chomwe eni malowo amalirira maliro, ndipo inenedwe mbali zonse ziwiri, zomwe apeze ndi zomwe ataye.

Ngati mtima ndiwo umatsogola, ndiye kutsutsana ndi kupereka mfundo kuli ndi phindu lanji?

Funso ili ndi lomwe ndimalikonda koposa, chifukwa anthu ambiri akamva za Haidt ndi Kahneman amafooka n'kunena kuti basi, aliyense akhale ndi maganizo ake. Kafukufuku sanena zimenezo. Mu 2011 Hugo Mercier ndi Dan Sperber a ku France anapereka ganizo lakuti luso la munthu lopereka zifukwa silinapangidwire munthu wokhala yekha m'chipinda, koma anthu amene akukambirana. Malinga ndi iwo, munthu ndi waulesi ndi wokondera pamene akupanga mfundo zake, koma amakhala tcheru ndi wovuta kunamiza pamene akuyesa mfundo za mnzake. Kukondera kumene kumaoneka ngati chilema mwa munthu mmodzi kumasanduka kugawana ntchito pagulu, popeza aliyense amabweretsa zonse zothandiza mbali yake, ndipo anzake amazipeta.

Umboni wake wodziwika ndi masewera a makadi anayi omwe Peter Wason anayambitsa mu 1966, pomwe munthu amauzidwa lamulo n'kufunsidwa makadi oyenera kutembenuza kuti aone ngati lamulolo likutsatidwa. Pafupifupi aliyense amatembenuza makadi ovomereza lamulolo n'kusiya khadi lomwe lingalitsutse. David Moshman ndi Molly Geil anayesa zimenezi mu 1998: mwa ophunzira omwe anagwira okhaokha, 9 okha pa 100 alionse ndiwo anakhoza, koma mwa magulu omwe analoledwa kukambirana, 75 pa 100 alionse anakhoza. Akuluakulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndipo pano pali manambala ake. Mayi wa usipa uja sanawerengepo Mercier, koma anachita ndendende zomwe Mercier amafotokoza: anaona bowo mu mfundo yanga lomwe ine mwini sindikadaliona ngakhale ndikanaganiza usiku wonse.

Komabe si gulu lililonse limene limakonza munthu. Solomon Asch anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti munthu angathe kunena kuti mizere iwiri yosiyana ndi yofanana, kungoti ena onse m'chipindamo anena choncho. Zapezekanso kambirimbiri kuti anthu ogwirizana kale akakambirana okhaokha amatuluka ali ouma mutu kuposa momwe analowera. Aliyense amene anaonapo chigulu chikuthamangitsa gogo chifukwa chomuganizira ufiti akudziwa kuti pamenepo mitu imakhala yambiri koma nzeru palibe. Kuti kukambirana kubale zipatso payenera kukhala anthu osiyana maganizo, onse akhale akufuna chinthu chimodzi, ndipo wamng'ono athe kutsutsa wamkulu popanda kuopa kuti mawa alandidwa munda.

Kwasi Wiredu wa ku Ghana analemba zoyamikira mabwalo a makolo, momwe anthu ankakambirana mpaka atamvana m'malo mongowerenga manja. Ndimagwirizana naye, koma ndi chenjezo limodzi. Pa mabwalo ambiri omwe ndakhalapo, mkamwini salankhula, mtsikana salankhula, ndipo amene anapereka nkhuku kwa nduna amalankhula kawiri. Bwalo lotere lili ndi maonekedwe a kukambirana, koma chomwe chimachitika ndi chija cha Asch.

Kodi mfundo ya filosofi inasinthapo zochita za munthu, osati zolankhula zake zokha?

Inasinthapo, ngakhale osati kwambiri monga momwe aphunzitsi timafunira. Mu 1972, polemba za njala ndi nkhondo ya ku Bengal, Peter Singer anafunsa kuti: mukaona mwana akumira m'dziwe losazama, kodi simumuvuula chifukwa choopa kuononga zovala zanu? Ngati mumuvuula, n'chifukwa chiyani mwana amene akufa kutali, yemwe mungamupulumutse ndi ndalama yofanana ndi mtengo wa zovalazo, mumamusiya? Mfundo imeneyi yachititsa anthu ena m'maiko olemera kupereka gawo la malipiro awo chaka ndi chaka. Bungwe la Against Malaria Foundation, lomwe Singer amalimbikitsa anthu kuti azilithandiza, lagawa maneti a udzudzu m'maboma monga Ntcheu ndi Balaka. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati neti yomwe tinatentha pamchenga ija sinayambire m'kalasi ya filosofi kutsidya kwa nyanja zamchere.

Mu 2020 Schwitzgebel, Bradford Cokelet ndi Singer yemweyo anayesa nkhaniyi mwachindunji pa yunivesite ina ku California. Ophunzira ena anaphunzitsidwa za mfundo zotsutsa kudya nyama ya ziweto zosungidwa mwankhanza, ena anaphunzitsidwa nkhani ina, kenako ofufuza anaona zomwe ophunzirawo ankagula kumalo odyera a pasukulupo. Mwa omwe anamva mfundo za nyama, zakudya zanyama zinatsika kuchoka pa 52 kufika pa 45 mwa zogula 100 zilizonse, pomwe mwa enawo sizinasinthe. Koma Schwitzgebel yemweyo, pamodzi ndi Joshua Rust, anapezanso kuti maprofesa ophunzitsa za khalidwe saposa maprofesa anzawo pa zinthu monga kuvota, kuyankha makalata a ophunzira kapena kuimbira foni amayi awo. Zikuoneka kuti mfundo imodzi yolunjika pa chinthu chimodzi ingasunthe munthu, koma kudziwa mfundo zambiri sikupanga munthu kukhala wabwino.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wodziwa bwino chabwino amachitabe choipa?

Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono mochititsa manyazi. Mu 1973 John Darley ndi Daniel Batson anatuma ophunzira zaubusa ku Princeton kuti akalankhule m'nyumba ina, ena a iwo pa fanizo la Msamariya wachifundo, ndipo m'njira anaikamo munthu wogwa, akubuula. Mwa omwe anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse anaima kuti athandize. Mwa omwe anauzidwa kuti achedwa, anaima 10 okha pa 100 alionse, ndipo mutu wa ulaliki sunasinthe zambiri. Stanley Milgram ku Yale, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anapeza kuti anthu 26 mwa 40 anapitiriza kugwiritsa munthu shoko ya magetsi mpaka pa mlingo wotsiriza wa mavolti 450, chifukwa choti munthu wooneka ngati wasayansi ankawauza kuti apitirize. Magetsiwo anali abodza, koma iwo sanauzidwe.

Pafupi ndi kwathu kuno, Rebecca Thornton anachita kafukufuku mu 2004 ku Balaka, ku Mchinji ndi ku Rumphi pa anthu omwe anayezetsa magazi kuti aone ngati ali ndi HIV. Mwa omwe sanalonjezedwe kanthu, 34 okha pa 100 alionse ndiwo anapita kukamva zotsatira, koma kandalama kochepa kwambiri kanachulukitsa chiwerengerocho pafupifupi kawiri. Ambiri ankaganiza kuti chowaletsa ndi mantha aakulu, koma kwa anthu ochuluka chinali mtunda, ntchito ya kumunda ndi kuzengereza. Zimenezi sizichotsa udindo pa munthu, koma zimatiuza kuti wofuna kusintha khalidwe la anthu ayambe waona chomwe chikuwapinga pa tsikulo asanayambe kuwalalikira.

Kafukufuku yenseyu ndi wa azungu. Akutikhudza bwanji ife a ku Mangochi?

Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo ofufuza enieniwo analivomereza. Mu 2010 Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan anaonetsa kuti anthu 96 pa 100 alionse omwe ankayesedwa m'kafukufuku wotchuka wa saikoloji ankachokera m'maiko okhala ndi anthu 12 okha pa 100 alionse a dziko lapansi, ndipo ambiri anali ophunzira a m'mayunivesite. Henrich anali ataona yekha kusiyanaku pa masewera ogawana ndalama, pomwe munthu mmodzi amapatsidwa ndalama kuti agawane ndi mnzake, ndipo mnzakeyo akakana gawo lake onse awiri amachoka chimanjamanja. Ophunzira a ku America amapereka pafupifupi theka ndipo amakana gawo laling'ono. A mtundu wa Machiguenga ku Peru ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo anzawo ankalandira osadandaula. Asodzi a anamgumi a ku Lamalera ku Indonesia, omwe sangaphe kanthu popanda kugwirizana m'boti limodzi, ankapereka koposa theka. Ndikadakonda kuona masewera amenewa akuseweredwa ndi alovi a ku Msaka.

Koma sikuti mtundu uliwonse uli ndi chilungamo chakechake chosamveka kwa ena. Mu 2019 Oliver Scott Curry ndi anzake ku Oxford anawerenga zolembedwa za mitundu 60 ya anthu ndipo anapeza kuti kuthandiza abale, kuthandiza gulu, kubweza zabwino, kulimba mtima, kulemekeza akuluakulu, kugawa mwachilungamo ndi kulemekeza katundu wa ena zimayamikiridwa ponseponse. Chomwe chimasiyana ndi chakuti ziwiri mwa zimenezi zikawombana, monga m'bale ndi chilungamo, ndi chiti chimapambana.

Afilosofi a ku Africa nawo sanakhale chete. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba mu 1984 kuti umunthu si chinthu chobadwa nacho koma chomwe munthu amachipeza pokhala bwino ndi anthu, ndipo Kwame Gyekye wa ku Ghana anamutsutsa, nati ngakhale khanda ndi munthu wathunthu wokhala ndi ufulu wake. Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anafufuza zomwe Achewa amatanthauza akamati uje si munthu. Mtsutso umenewu si wa m'mabuku mokha. Tikamati kali kokha n'kanyama, tiyenera kufunsanso kuti kodi munthu amene wakana zomwe mudzi wonse wagwirizana, pamene mudziwo walakwa, wataya umunthu kapena ndiye wausunga.

Kodi zimenezi zikugwirizana bwanji ndi kutha kwa nsomba?

Mu 1968 Garrett Hardin anati chuma cha aliyense chimatha, chifukwa munthu aliyense amapindula yekha akatenga zambiri pomwe kuonongeka kumagawidwa kwa onse, ndipo anaona kuti njira ndi ziwiri zokha: boma lilamulire, kapena chumacho chikhale cha munthu mmodzi. Kutha kwa chambo m'nyanja ya Malombe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunaoneka ngati kukumuvomereza. Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anasonkhanitsa umboni wa m'maiko ambiri woonetsa kuti anthu angathe kudzisungira chuma chawo ngati malire ali odziwika, malamulo awapanga okha, owalondera amayankha kwa iwo, ndipo chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera.

Makomiti a m'madoko anayamba ku Malombe mu 1993 ndi ganizo lofananalo, koma zotsatira zake zakhala zosakanikirana. Momwe ndaonera ine, vuto si lakuti asodzi sadziwa kuti kupha nsomba yoswana n'kulakwa. Vuto ndi lakuti munthu amasunga lamulo akakhulupirira kuti anzake akulisunganso, ndipo pamene mwini khoka loletsedwa ali m'komiti momwemo, khoswe wakhala pamkhate.

Kodi zopeza za ofufuzazi n'zodalirika zonse?

Ayi. Mu 2015 gulu la ofufuza 270 linabwereza kafukufuku 100 wa saikoloji, ndipo pafupifupi 36 yekha ndiye anatulutsanso zotsatira zooneka. Zina zomwe zinatchuka m'manyuzipepala, monga zakuti munthu akasamba m'manja amaweruza mofatsa, sizinaonekenso bwino zitayesedwa ndi anthu ambiri. Nkhani ya anthu 600 ija ndi kusiyana kwa kukhotetsa sitima ndi kukankha munthu zabwerezedwa m'maiko ambiri ndipo zaima. Mukamva kuti ofufuza apeza chakuti, funsani kuti anayesa anthu angati, a kuti, ndipo ndani wina anabwereza.

Ngakhale zotsatira zikhale zolimba chotani, David Hume anachenjeza mu 1740 kuti kuchoka pa momwe zinthu zilili kufika pa momwe ziyenera kukhalira pali mtsinje wofunika mlatho wake. Kupeza kuti anthu ambiri amakondera abale awo sikutsimikiza kuti ine ndinachita bwino pa mlandu wa mwana wa mlongo wanga.

Wofuna kuphunzira zimenezi m'Malawi muno apite kuti?

Yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi madipatimenti a filosofi ndi saikoloji. Filosofi imaphunzitsidwanso ku seminale ya Kachebere ku Mchinji ndi ku Inter-Congregational Institute ku Balaka.

Ofufuza akafika m'mudzi mwathu ndi mafunso awo, kodi tili ndi ufulu wokana?

Muli nawo wonse. Malamulo a zimenezi anabadwa m'zowawa. Madokotala a chipani cha Nazi ataweruzidwa, mfundo za Nuremberg za mu 1947 zinaika patsogolo kuti munthu avomere mwa kufuna kwake, ndipo chikalata cha Helsinki chinatsatira mu 1964. Ngakhale zinali choncho, ku Tuskegee ku America amuna akuda mazanamazana odwala chindoko anasiyidwa opanda mankhwala kuyambira mu 1932 mpaka mu 1972 kuti ofufuza aone momwe matendawo amayendera. Kafukufuku wa Milgram uja nayenso sangaloledwe lero momwe anachitikira.

M'Malawi kafukufuku wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti younika, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), kapena makomiti omwe ali pansi pa National Commission for Science and Technology. Chilolezo cha amfumu chimalola ofufuza kulowa m'mudzi, koma sichivomerera m'malo mwa inu, ndipo mwamuna savomerera mkazi wake. Musanasaine kapena kudinda chala, muuzidwe m'chiyankhulo chomwe mumamva cholinga cha kafukufukuyo, zoopsa zake, amene adzaone mayankho anu, ndiponso kuti mungathe kusiyira panjira popanda kutaya thandizo la kuchipatala kapena dzina lanu pa mndandanda wa olandira chimanga. Sopo kapena ndalama ya mayendedwe yomwe amapereka ndi yobwezera nthawi yanu, si mtengo wogulira chilolezo chanu. Pemphani kuti akusiyireni pepala lanulanu la chilolezocho, la Chichewa kapena la Chiyao, ndipo onetsetsani kuti palembedwa dzina la komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo ndi nambala ya foni yomwe mungaimbe ofufuzawo atachoka.